Mwatumizidwa ku Chitipa? Musalire

Mayi Evelyn Simwaka anali ndi lesitihausi ya zipinda zisanu ndi chimodzi ku Lufita, ndipo zipinda zonsezo ankazisesa m'mawa uliwonse ngakhale munalibe munthu wogonamo. Ankayala mabedi, kukuntha makatani, kuthirira maluwa, kenako n'kukhala pakhonde kudikira alendo. Mlendo yekhayo amene sankaphonya tsiku anali fumbi la mu Ogasiti, limene mphepo ya ku Chitipa imalowetsa m'nyumba ngakhale mutatseka mawindo onse.

Nyumbayo anaitcha Fikani. Anaimanga ndi amuna awo, a Cuthbert Simwaka, onse atapuma pantchito, mayiwo pauphunzitsi, bambowo ku za nkhalango ku Mughese. Chaka choyamba zinthu zinkayenda ndithu. Kenako pafupi ndi boma panamera malo ogona atsopano a magalasi onyezimira, ndipo anthu anayamba kudutsa pa Fikani ngati sakuonapo nyumba.

A Simwaka anali munthu wachilungamo, koma wa malamulo. Zaka makumi atatu zolondera mitengo zinawasiya akukhulupirira kuti munthu aliyense amene sakumudziwa wabisa nkhwangwa penapake.

"Mama," anatero tsiku lina m'mawa akumwa tiyi ndi nthochi zowiritsa, "nyumba iyi ikungodya sopo na matsache. Ndayankhula na Macdonald. Akufuna posungira katundu wake wa ku Tunduma."

Macdonald anali wamalonda wa ku Kasungu, mwini mashopu awiri pa boma, munthu woti akaona nyumba iliyonse amangoona matumba angati angalowemo.

"Mukufuna muike feteleza pa mabedi anga, bambo a Tionenji?"

"Mabedi tichotsa. Pa 1 Okutobala abwera kudzatenga makiyi. Akadzapeza zipinda zili na anthu tsiku limenelo, ine ndimuuza kuti yayi. Akadzapeza zili mbee ngati lero, basi, tamupatsa."

Mayi Simwaka anaika kapu pansi mwamphamvu mpaka tiyi anadumphira pa nsalu ya patebulo. Zinawapweteka kwambiri, chifukwa kwa iwo Fikani sinali bizinesi chabe. Zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo anatsika pa boma lomwelo ali mtsikana wa ku Thyolo, atanyamula bokosi lachitsulo ndi kalata yoti akaphunzitse ku Nthalire. Galimoto yopita kumeneko kunalibe, wowadziwa kunalibe, moni wa anthu sankaumva. Anagona pabenchi masiku atatu akulira. Pabenchi pomwepo ndi pamene analumbira kuti akadzapeza pogwira, mwana wa munthu sadzagonanso panja pa Chitipa iwo ali moyo. Amuna awo nkhaniyi ankaidziwa bwino, koma ankati benchi lija linachotsedwa kalekale.

Ali pakati pokangana, foni inanjenjemera m'thumba la jekete la a Simwaka. Anaitulutsa, kuyang'ana chapatali monga amachitira anthu amene aiwala magalasi, n'kuibwezera m'thumba.

"Nambala yachilendo," anatero mokhutira.

Limeneli linali lamulo lawo lalikulu. Chaka china munthu anawaimbira akudzitcha kalaliki wa kuchipatala, n'kuwauza kuti mphwawo wachita ngozi ndipo pakufunika ndalama msanga. Akuthamangira kukatumiza, anakumana naye mphwawoyo akupalasa njinga, akudya mzimbe. Chichokereni tsikulo, nambala imene sinalembedwe m'foni mwawo sankaiyankha, ngakhale italira mpaka batire kutha.

Masana Mayi Simwaka anaitana mnzawo wa kukwaya, Annie wa ku Ntcheu, amene ankagulitsa zitenje ndi mapoto. Annie analibe shopu. Malonda ake onse ankayendera pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo zitenje zake zinkatha zisanatuluke m'belo. Anafika akupukuta fumbi kumaso, n'kumvetsera nkhani yonse osadula mawu, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Koma achemwali, munati muli ndi tsamba pa intaneti?"

"Lilipo, lokongola zedi. Anatipangira John wa ku Mzuzu zaka ziwiri zapitazo. A Simwaka ndiwo anayendera zonse."

Anatsegula tsambalo pa foni monyadira. Linazungulira, kuzungulira, mpaka Annie anamaliza kusenda nthochi ndi kuidya. Kenako panatuluka chithunzi cha dziwe losambiramo la madzi obiriwira, azungu awiri akumwa juwisi, ndi njovu itaima patali. M'munsi mwake munali Chingerezi cha Mayi Simwaka, cha mawu akuluakulu aja amene ankaopseza nawo ana a Sitandade 8.

Annie anadzuka, kupita kuseri kwa nyumba, kubwerako.

"Dziwe sindinalipeze. Mwalibisa kuseri kwa bafa?"

"Usandiseke iwe. John anati azungu amakonda zoterezi."

"Mzungu womaliza anagona pano liti?"

Mayi Simwaka anakanda pamutu. "Anabwerapo mmodzi wa panjinga. Anangofunsa njira ya ku Nyika, n'kupempha madzi akumwa."

Annie anaseka chikhakhali mpaka misozi. Atapuma anatenga foni yake, n'kulemba pa Google kuti malo ogona ku Chitipa. Anatsika mndandanda wonse, kutsegula tsamba lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Fikani panalibe.

"Mwaona? Tsamba muli nalo, koma lili kuthengo. Google ali ngati woitanira pa depoti. Munthu akafunsa, iye amamulozera basi imene ikupita kumene munthuyo akufuna. Inu basi yanu mwalemba kuti ikupita kwa njovu. Ndiuzeni, anthu amene ankagona pano ankabwera kudzatani?"

Apa Mayi Simwaka anawala nkhope, chifukwa yankho anali nalo, ndipo linali lokhomedwa ndi loko m'kabati. Anatulutsa buku la alendo, lachikuto cholimba, lokutidwa ndi pulasitiki monga kaundula wa kusukulu. Mlendo aliyense wa pa Fikani sankachoka osasainamo dzina, nambala ya foni, chimene wabwerera ndi maganizo ake. Ngakhale munthu akuthamangira basi, mayiwo ankamuimitsa pachipata ndi cholembera.

Annie anayendetsa chala pa mzere wa chimene wabwerera. Mphunzitsi watsopano. Namwino, ndatumizidwa. Mlangizi wa zaulimi, kusamutsidwa. Mphunzitsi watsopano. Wapolisi, kusamutsidwa. Kuperekeza mwana amene wayamba ntchito. Anatembenuza masamba asanu, nkhani inali yomweyo.

"Azungu anu ndi awa, achemwali," anatero akugogoda bukulo. "Ana a ku Mulanje ndi ku Dedza amene aona dzina lawo pamndandanda, pambali pake palembedwa Chitipa. Mukuganiza kuti amayamba n'chiyani?"

"Amayamba n'kulira," anayankha Mayi Simwaka mosaganiza n'komwe.

"Akamaliza kulira amatenga foni."

Annie analemba pa Google mafunso amene munthu wotero angafunse. Ku Chitipa kuli bwanji. Ndatumizidwa ku Chitipa. Msewu wa ku Nthalire. Basi ya ku Chitipa imanyamuka nthawi yanji. Zimene zinatuluka zinali nkhani zakalekale za m'nyuzi ndi ndemanga za anthu amene sanapondeko n'komwe, ena akuti kumeneko ndi ku Tanzania kale, ena akuti kulibe magetsi.

"Pakhomo apa palibe amene waimapo," anatero Annie. "Imanipo inu. Ayankheni anawa mafunso awo, m'chinenero chimene amafunsira. Mawu oti Chitipa akhale pamutu penipeni pa nkhani. Njovu zichoke. Tijambule mabedi anu enieniwa, zithunzi zopepuka zoti zitseguke ngakhale netiweki ili ya kachidutswa kamodzi. Mtengo wa chipinda ulembedwe poyera, anthu amaopa malo obisa mtengo. Pa mapu tibaye pamene pali nyumba ino. Ndiye John aike batani limodzi lalikulu loti munthu akangodina, foni ilire."

"Nanga buku langali?"

"Mawu onse abwinowa mwawatsekera m'kabati, akuwerenga ndi mphemvu. Nambala zawo zilimo. Aimbireni, muwapemphe akalembe zomwezi pa Google, pamene anthu angaone."

Mayi Simwaka anagwira ntchitoyo monga ankagwirira yokonzekera mayeso. Poyamba anaipitiriza muyeso. Atamva kuti Google amafuna kuona mawu amene anthu amafunsa, analemba tsamba lathunthu la kope limene chiganizo chilichonse chinali ndi Chitipa kawiri. Malo ogona ku Chitipa abwino ku Chitipa ali ku Lufita ku Chitipa. Annie atawerenga anawafunsa ngati akupereka chibalo kwa mwana wochedwa kusukulu.

"Mukulembera munthu, osati makina. Lembani ngati mukuuza Tionenji wanu."

Mayi Simwaka anang'amba pepalalo. Kenako anaganiza za mtsikana wa bokosi lachitsulo uja, ndipo cholembera chinayamba kuyenda chokha. Mutu wake anaulemba ndi inki yofiira: Mwatumizidwa ku Chitipa? Musalire.

"Kapena lirani pang'ono," inapitiriza nkhaniyo, "inenso ndinalira. Mukatha pukutani maso muwerenge izi. Bweretsani juzi ndi bulangete lenileni. Amene akukuuzani kuti kumpoto konse n'kotentha anathera pa Karonga. Mafuta odzola musaiwale, mphepo ya kuno imang'amba milomo. Mapoto ndi mabeseni musavutike nawo m'basi, kuno alipo ambiri ndipo ndi otchipa. Msewu wochokera ku Karonga ndi wa tara, koma ngokhotakhota, choncho musadye zamafuta musanakwere. Munthu akakuuzani kuti mwaghona, akukupatsani moni, mubwezereni chomwecho. Zinenero kuno n'zambiri moti palibe amene angakusekeni chifukwa chosadziwa chimodzi. Ngati kalata yanu ikuti Nthalire, musathamange. Gonani pa boma, mugule zofunika, munyamuke m'mawa. Nyengo ya mvula funsani kaye za msewu. Nyemba za kuno mukazilawa mudzayamba kutumiza kwanu. Ine ndinabwera kudzakhala zaka ziwiri, ndipo pano ndili ndi zidzukulu zimene zimandiseka Chilambya changa."

M'munsi mwake anaika za Fikani, mizere inayi yokha. Zipinda zoyera, madzi otentha osamba, tiyi m'mawa, ndi munthu wokuuzani kumene mungakwerere.

Annie anawerenga, ndipo ulendo uno sanaseke. Anangoti, "Izi ndiye izi," n'kuzijambula kutumiza kwa John. Pofika Loweruka njovu zinali zitachoka. Panali bedi la chipinda choyamba ndi nsalu yake yoluka, khonde ndi maluwa ake, Mayi Simwaka ataima pachipata atavala chitenje cha Annie, ndi batani lalikulu lobiriwira lolembedwa kuti Imbani.

Annie anawatsegulira tsamba la Fikani pa Facebook, n'kuwapatsa malangizo ngati a mankhwala. Aziikapo kanthu kamodzi patsiku, osati khumi Lolemba kenako zii mwezi wonse. Asamangoitanira malonda, aziuza anthu zinthu zothandiza. Aliyense wolemba ndemanga aziyankhidwa tsiku lomwelo, ngakhale wamwano. Atatero anaponya nkhani ija m'magulupu ake onse a WhatsApp, n'kunyamuka kupita ku Dar es Salaam kukaoda katundu. Anati abwerako pakatha milungu inayi.

Mayi Simwaka anatsatira zonse. Lolemba anaika chithunzi cha msika, Lachiwiri mtengo wa kabaza kuchokera pa depoti, Lachitatu mbale ya mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, n'kulemba kuti amene sanadye izi asanene kuti anafika ku Chitipa. Alendo akale anawaimbira mmodzimmodzi kuchokera m'buku lija. Ambiri anakondwa kumva mawu awo, ndipo nyenyezi zisanuzisanu zinayamba kuonekera pa Google. Mphunzitsi wina amene tsopano anali hedimasitala ku Wenya analemba kuti mayi amenewa anamubwereka juzi la amuna awo mu Julayi. A Simwaka atamva anati n'chifukwa chake juzilo linasowa.

Pakati pa Seputembala panatuluka mndandanda wa anthu olembedwa ntchito chatsopano, anamwino ndi aphunzitsi, oti akayambe mu Okutobala. Nkhani ya Mayi Simwaka inawanda. Tionenji anaimba kuchokera ku Lilongwe kuti waiona m'magulupu atatu osiyana, ndipo anzake a kuntchito sakukhulupirira kuti ndi mayi ake. M'mawa uliwonse, asanagwire tsache, mayiwo ankalemba pa Google kuti ndatumizidwa ku Chitipa. Nkhani yawo inali patsamba lachitatu, kenako lachiwiri. Tsiku limene anaipeza pamwamba penipeni anavina okha m'khitchini, chikombe chili m'manja.

Koma foni yawo sinalire.

Anaimangirira chingwe n'kuikoleka m'khosi. Ankapita nayo kudimba, kukwaya, ngakhale kubafa. Ikalira, anali Tionenji kapena mayi wa nkhuku. Munthu wina analemba pa Facebook kuti, "Mayi, tikuimba koma simukuyankha." Iwo anayankha mwaulemu tsiku lomwelo kuti pepani, ndi netiweki ya kuno, dinaninso batani lija. Kuyambira pamenepo foni inkakhala pawindo la kum'mawa, pamene netiweki imagwira bwino, iwo atakhala pampando pambali pake.

A Simwaka nawo anali ndi dandaulo lawo.

"Dziko laipa, mama. Akuba achuluka chomene mwezi uno. Kale ankaimba kamodzi pa sabata, lero m'mawa, masana, madzulo. Koma ine andipeza ndili maso."

"Ndisiyeni ine, bambo a Tionenji, ndili ndi zanga," anayankha mayiwo maso ali pawindo.

Pa 1 Okutobala anadzuka m'mamawa n'kuyala mabedi onse asanu ndi limodzi, podziwa kuti n'komaliza. Anakonza nsalu yoluka ya chipinda choyamba kawiri. Anali ndi chisoni, komanso manyazi, chifukwa dziko lonse linali litawerenga nkhani yawo n'kuwayamikira, koma palibe ngakhale mmodzi amene anafuna kudzagona pa mabedi awo. Anaganiza kuti mwina anthu amakonda kuseka ndi mayi wokalamba pa foni, koma pogona amafuna magalasi onyezimira.

Macdonald anafika cha m'ma 9 ndi lole yake ndi tepi yoyezera. Anapereka moni mwaulemu, koma maso ake anali kale pa zitseko.

"Khomo ili tikulitsa, bwana Simwaka, kuti mzigo, katundu wangayo, uzilowa bwino. Maluwawa achoke, lole izifika pakhonde."

Mayi Simwaka anawathirabe tiyi alendowo, chifukwa mlendo ndi mlendo ngakhale wodzazula maluwa. A Simwaka anavala jekete lawo la misonkhano, n'kuika mulu wa makiyi patebulo la pakhonde. Nawonso sankaoneka okondwa. Ankangosuntha makiyiwo uku ndi uku osayang'ana akazi awo.

Nthawi yomweyo pachipata panaima njinga yamoto ya kabaza. Panatsika mtsikana wowonda, fumbi lili mbuu m'tsitsi, atakumbatira chikwama chachikulu ndi bulangete lomanga ndi chingwe. Anayang'ana foni yake, kuyang'ana nyumba, kuyang'ana Mayi Simwaka, n'kumwetulira motopa.

"Ndi inuyo! Chitenje chake n'chomwechi. Mwa... mwaghona, mayi."

"Mwaghona, mwananga. Fika kuno."

"Ndine Melissa, ndachokera ku Chiradzulu. Ndine namwino, anditumiza ku Nthalire. Bulangete ndabweretsa monga munanenera." Anaika katundu pansi. "Koma mayi, foni yanu bwanji? Ndaimba sabata yonse. Anzanga a m'gulupu anati mwina malowa anatsekedwa, koma ine ndinati ndingotsata mapu ndikadzionere ndekha."

"Waimba? Kuno?" Mayi Simwaka anagwira foni ya m'khosi mwawo. "Iyi sinalire ngakhale kamodzi."

"Taonani, ndidinenso."

Melissa anatsegula tsamba lija, n'kudina batani lobiriwira. Onse anayang'ana foni ya pachifuwa pa Mayi Simwaka. Inali zii. Kenako panamveka kunjenjemera kwapansipansi, kochokera m'jekete la misonkhano.

A Simwaka anatulutsa foni yawo, kuiyang'ana chapatali, n'kupukusa mutu.

"Mwaona, a Macdonald? Ndi zimene ndimanena. Uyu ndiye wosatopa. Ndinachita kumulemba dzina kuti ndizimudziwa."

Anaitembenuza kuti onse aone. Pagalasi panalembedwa kuti Wakuba Wolimbikira. Melissa anayang'ana foniyo, kuyang'ana yake, n'kudula. Ya a Simwaka inasiya kunjenjemera. Anadinanso, inayambiranso.

"Bambo," anatero mtsikanayo mwaulemu wonse, "wakubayo ndine."

 Mayi Simwaka anakhala pansi pang'onopang'ono. Tsopano anakumbukira. Zaka ziwiri zapitazo, tsamba likupangidwa, amuna awo ndiwo anapita ku Mzuzu, ndipo pobwera ananena kuti nambala ya mwini nyumba ndiyo iyenera kukhala pamenepo, osati ya mayi. John poika batani anangotenga nambala imene anaipeza. Iwo milungu yonseyi anayang'ana batanilo m'mawa uliwonse, kulisirira kukongola, koma sanalidine ngakhale tsiku limodzi kuti aone kumene limapita.

"Bambo a Tionenji," anatero ndi mawu otsika amene ana a sukulu ankawaopa kuposa chikwapu, "akuba anuwo ndi angati?"

A Simwaka anafufuza magalasi m'thumba lina, kuwavala, n'kutsegula mndandanda wa mafoni osayankhidwa. Chala chawo chinatsika, kutsika, kutsikabe. Panali Wakuba wa M'mawa, Wakuba wa Airtel, Wakuba Wina, ndi nambala zina zambirimbiri zimene anatopa nazo kuzipatsa maina.

"Ndi ambiri, mama," anayankha ndi mawu aang'ono.

Macdonald ndiye anayamba kuseka. Anayesa kubisa m'kapu ya tiyi, koma zinakanika, mpaka anatsamwa. Melissa anagwira pakamwa. Mayi Simwaka anafuna kukalipa, mawu anali atafika kale pammero, koma ataona nkhope ya amuna awo, mlonda wa nkhalango yonse ya Mughese amene wakhala mwezi wathunthu akuthamangitsa alendo a akazi ake, kuseka kunawagwira. Anaseka mpaka kugwira m'nthiti, misozi ikutsika, ndipo ina mwa misoziyo sinali ya kuseka.

A Simwaka anavula chipewa. "Nananga, mama, ndalakwa. Phepani chomene."

"Kupepesa kudzaza zipinda?"

Macdonald anapukuta maso n'kutambasula dzanja ku makiyi. "Nkhani yake ndi yokoma, bwana Simwaka, koma tinagwirizana. Ine ndapeza zipinda zili mbee."

A Simwaka anaika dzanja lawo pamwamba pa makiyiwo. "Tinati pa 1 Okutobala, a Macdonald. Tsiku silinathe. Imwani tiyi wina."

Anakoka mpando, kukhala mowongoka ngati ali mu ofesi, n'kuyamba kuimba kuchokera pamwamba pa mndandanda. Munthu amene sanayankhepo nambala yachilendo kwa zaka zinayi anayamba kuziimbira yekha, ndi mayunitsi ake.

"Halo? Muli uli, adada? Kuno ndi ku Fikani, ku Chitipa. Munaimba Lachinayi. Ine ndine Simwaka, mwamuna wa mayi amene analemba nkhani ija. Yayi, sitinatseke. Foni inali na vuto." Anayang'ana akazi awo, n'kukonza. "Mwini foni ndiye anali na vuto."

Woyamba anali atapeza kale malo ena, ndipo anawauza zimenezo mosabisa. Wachiwiri sanayankhe, ndipo a Simwaka anadandaula kuti anthu ena alibe ulemu, mpaka onse anasekanso. Wachitatu anali mphunzitsi wa ku Ntchisi amene anali m'minibasi pa Karonga, osadziwa kumene akagone. Anafuula ndi chimwemwe moti mawu ake anamveka pakhonde ponse. Melissa naye analemba m'gulupu la anzake kuti Fikani ilipo, mayi aja ndi enieni, mabedi ndi omwe aja a pachithunzi. Mayankho anayamba kugwa. Anamwino awiri anali m'basi ya m'mbuyo mwake. Wina ankabwera ndi bambo ake omuperekeza, ndipo ankafuna zipinda ziwiri.

Mayi Simwaka ankawerenga ndi zala. Pamene tiyi wachiwiri wa Macdonald ankazizira, zala zisanu ndi chimodzi zinali zitapindika, ndipo a Simwaka anali akupepesa munthu wachisanu ndi chiwiri kuti lero kwadzaza, koma mawa chipinda chipezeka.

Macdonald anapinda tepi yake n'kuiika m'thumba. Sanali munthu wosunga mkwiyo pa malonda amene aphonyeka.

"Sawa, mwandigonjetsa. Koma mayi, amene anakuphunzitsani zimenezi mundipatse nambala yake. Mashopu anga nawonso sapezeka pa Google."

"Ndi Annie wa zitenje. Koma iyeyo amayankha foni, musadandaule."

Lole itachoka, maluwa ali m'malo mwake, a Simwaka anamasula kiyi wa chipinda choyamba pa mulu uja. Sanapatse akazi awo. Anaimirira, kugwira ndi manja awiri, n'kupereka kwa Melissa.

"Mwana wanga, dzina lija ndisintha lero lomwe."

"Lisiyeni, bambo. Ndikaonetse anzanga kaye."

Kenako a Simwaka anaika makiyi otsalawo m'manja mwa akazi awo, n'kunena kuti amuuze John lero lomwe aike nambala ya mwini nyumba weniweni. Mayiwo anati aika zonse ziwiri, chifukwa munthu amene waphunzira ntchito sachotsedwa tsiku lomwe waiphunzira.

Ananyamula chikwama cha Melissa okha, ngakhale mtsikanayo anakana, n'kumutsogolera ku chipinda choyamba. Melissa anaima pakati pa chipindacho, kuyang'ana bedi, nsalu yoluka, ndi thaulo lopindidwa bwino. Kuseka konse kuja kunamuthera. Anakhala m'mphepete mwa bedi atakumbatira bulangete lake.

"Mayi, ku Nthalire n'kutali?"

"N'kutali, mwananga. Sindikunamiza."

"Mayi anga sanafune kuti ndibwere. M'basi monse ndimawerenga nkhani yanu ija kuti ndisalire."

 Mayi Simwaka anatseka chitseko, n'kukhala pambali pake pa bedi limene analiyala m'mawa uja poganiza kuti n'komaliza. Anamuchotsa kaudzu m'tsitsi.

"Sunawerenge mzere wachiwiri? Ndinati lira pang'ono. Madzi osamba ali pamoto, mawa ndikuperekeza ndekha pokwerera."

Mtsikanayo anatsamira paphewa pawo n'kulira, ndipo iwo anamusiya alire. Kunja pakhonde foni inanjenjemeranso, ndipo isananjenjemere kachiwiri anamva mawu a amuna awo.

"Halo, kuno ndi ku Fikani. Mwatumizidwa kuti, mama?"